Kanyumba kakale kakhoza kupuma: mmene mungakakonzere ndi kukakulitsa kuti kalumikizane ndi panja

Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ngati zikuopa kunja. Mazenera ndi ang'onoang'ono, chipinda chochezera chinayang'ana kumsewu, ndipo malo abata ndi amthunzi ali kuseri, komwe munthu amafikako podzera kakhomo kopapatiza ka kukhitchini. Eni ake akatopa ndi mdima ndi kupanikizana, choyamba kubwera m'mutu ndi kuwonjezera chipinda chachikulu. Nthawi zambiri mankhwala ake si amenewo. Khomo limodzi lotakasuka, loikidwa pamalo oyenera, ndi khonde lakuya bwino zimasintha nyumba kuposa chipinda chatsopano chomangidwa mosaganiza, ndipo zimadya ndalama zochepa. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake, ndipo kudumpha sitepe kumabweza munthu m'mbuyo.

1. Khalani panja kaye musanaitane mmisiri

Tengani mpando mukakhale kuseri kwa nyumba m'mawa, masana ndi madzulo, masiku angapo. Onani kumene dzuwa likugwera pa ola lililonse, kumene mphepo imachokera, ndi mbali imene anansi amakuonerani. Mvula ikagwa tulukani muone kumene madzi akulowera ndi pomwe akudikha. Zimenezi pulani ya papepala singakuuzeni.

Za dzuwa, gwirani izi. Kum'mwera kwa ikweta dzuwa lamasana limapendekera kumpoto, makamaka m'miyezi yozizira. Kumpoto kwa ikweta limapendekera kum'mwera. Kufupi ndi ikweta limadutsa pafupifupi pamutu, n'kumasinthasintha mbali m'kati mwa chaka. Dzuwa lamasana silivuta, chifukwa denga lotulukira kunja pang'ono limalitchinga. Lovuta ndi lamadzulo, la kumadzulo: limabwera chotsika, limalowa pansi pa khonde mpaka m'kati mwa chipinda, ndipo limafika nyumba itatentha kale. Galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda kukhala ng'anjo. Ngati malo anu okoma ali mbali yomweyo, musataye mtima, koma dziwiranitu kuti padzafunika mtengo wamthunzi kapena timatabwa toimika totchingira.

Mukasankha malo, khomani zikhomo ndi kumanga chingwe mozungulira pomwe mukuganiza kuti padzakhala khonde kapena chipinda. Ikanimo tebulo ndi mipando, muyese kudutsa wina atakhala. Chingwe n'chosavuta kusuntha kusiyana ndi khoma.

2. Ipimeni nyumba yakaleyo ngati wodwala

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa penti yatsopano imabisa zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yambani ndi chinyezi. Pulasitala wofufuma, mchere woyera wotuluka m'munsi mwa khoma, ndi fungo la nkhungu ndi zizindikiro zake. Kuti mudziwe kumene chikuchokera, matani kapepala ka pulasitiki pakhoma, mutseke m'mbali monse ndi tepi, mukasiye masiku awiri. Madontho akapezeka kunsi kwake, madzi akuchokera m'khoma; akakhala pamwamba, ndi nthunzi ya m'nyumba yomwe ikusowa potulukira. Kawirikawiri gwero lake limakhala laling'ono: dothi lakunja lomwe linakwera n'kukwirira tsinde la khoma, paipi yodontha, kapena madzi a padenga ogwera pafupi ndi maziko.

Kenako ming'alu. Yopyapyala ngati tsitsi pa pulasitala ndi ya ukalamba chabe. Yodetsa nkhawa ndi yotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, yotakasuka mbali imodzi kuposa inzake, kapena yopitirira mamilimita 5. Lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera, mulembenso tsiku, muyeze kukula kwake. Ukamakula pakapita milungu, nyumba ikuyenda, ndipo palibe chomanga kapena kuboola mpaka injiniya atanena chimene chikuiyendetsa.

Kwerani m'siling'i ndi tochi. Bayani matabwa a denga ndi sikuludiraiva. Ikangolowa mosavuta, kapena thabwa likamalira ngati ng'oma yopanda kanthu, chiswe kapena kuwola kwafika kale. Muli momwemo onani makoma amene mitanda ya denga yakhalapo, chifukwa mudzazifuna pa sitepe 5. Mawaya amagetsi akale, omwe chikopa chake chikuyoyoka, asiyireni wamagetsi wovomerezeka.

Zinthu ziwiri musazigwire mwachisawawa. Mapepala a asibesito, omwe ankafoleredwa padenga ndi kuikidwa m'siling'i, akathyoledwa, kuboolwa kapena kupalidwa amatulutsa fumbi loyambitsa matenda oopsa a m'mapapo, khansa ili m'gulu, ndipo matendawo amaonekera patapita zaka zambiri. Penti yakale ya pazitseko ndi mafelemu imatha kukhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Musaipale youma, musaiotche ndi moto, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asakhale pafupi.

Zimene mwapeza pano zikonzedwe poyamba, denga ndi madzi patsogolo pa zonse. Ngati khomalo ndi la njerwa zofewa zomangidwa ndi laimu kapena dothi, likonzeni ndi zofewa zomwezo. Simenti yolimba imatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka kuseri kwake.

3. Sunthani zipinda papepala

Jambulani nyumba yonse ndi miyeso yake, mitengo ndi mipanda pamodzi. Funso loyamba n'lakuti: ndi zipinda ziti zoyenera kuyang'ana kubwalo? Ndi zomwe anthu amakhalamo masana, kophikira, kodyera ndi kochezera. Bafa, stolo ndi chipinda chogona alendo zikhoza kukhala kumbali yosaoneka bwino. M'nyumba zambiri zakale zinthu zili chozondoka, bafa ndi stolo ndizo zinatenga khoma lakuseri. Nthawi zina kungosinthanitsa zipinda ziwiri kumathetsa vuto lonse popanda njerwa imodzi yatsopano. Kumbukirani chabe kuti kusuntha chimbudzi n'kodula kuposa kusuntha sinki, poti paipi yake ndi yaikulu ndipo iyenera kutsetsereka.

Ngati kukulitsa kukufunikabe, chenjerani ndi msampha umene umakola ambiri. Chipinda chatsopano chikamatidwa kukhoma lakuseri chimameza mazenera a chipinda chakale, ndipo chakalecho chimasanduka phanga la pakati pa nyumba, loyatsa getsi masana. Ndinalowapo m'nyumba ina yokulitsidwa motero: chipinda chatsopano chowala bwino, koma pakati pa nyumba anangounjikapo makatoni, chifukwa palibe amene ankafuna kukhalapo. Njira zopewera zilipo. Mangani mbali imodzi yokha ya khomalo kuti nyumba ipange ngodya, mbali inayo ikhale khonde lotetezedwa ku mphepo. Kapena siyani kabwalo kakang'ono kopanda denga pakati pa chakale ndi chatsopano, n'kuzilumikiza ndi kanjira kofolera. Kapena kwezani denga latsopano kuti kuwala kulowere m'timazenera tam'mwamba. Malamulo omangira a m'mayiko ambiri amafuna kuti mazenera a chipinda chokhalamo akwane gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pake, ndipo otseguka akwane gawo limodzi mwa 20. Werengerani chipinda chakalecho pachokha mukachitsekera.

Ndipo musadye bwalo lonse. Cholinga chinali kufika panja. Mukamanga mpaka kumpanda, panja pake patha.

4. Chilolezo, injiniya ndi thumba

Pitani ku ofesi yoona za mapulani ya dera lanu musanakumbe. Kumeneko ndi kumene mungamve mtunda woyenera kusiya kuchokera kumalire, ndi ngati pansi pa malo anuwo padutsa paipi ya madzi kapena ya zonyansa. Nyumba zina zakale n'zotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri yake, ndipo sizisinthidwa popanda chilolezo chapadera. Auzeninso anansi, fumbi ndi phokoso zimapiririka munthu akauzidwiratu.

Chilichonse chokhudza khoma lonyamula denga chimafuna injiniya, ngakhale mmisiri wanu atalimbikira kuti wachita zotere kambirimbiri. Ndi mmisiri gwirizanani polemba: ntchito yake ndi iti, ndipo malipiro aziperekedwa gawo lililonse likatha. Pa bajeti yonse patulani 15 kapena 20 pa 100 iliyonse ya zodzidzimutsa. Nyumba yakale imaulula zinsinsi zake pulasitala akangochotsedwa.

5. Kuboola khoma

Pano m'pamene pagona ntchito yonse, ndipo m'pamene anthu amavulala.

Njira yosavuta ndiponso yotetezeka ndi kusandutsa zenera kukhala khomo popanda kulikulitsa m'mbali. Pamwamba pa zenera kawirikawiri pamakhala kale lintala, mtanda wopingasa wonyamula njerwa za pamwamba pake. Inu mukungochotsa za m'munsi mpaka pansi. Tsimikizani kokha kuti lintalayo ilipodi ndipo ndi yathanzi, chifukwa m'nyumba zina zakale felemu la zenera ndi lomwe limanyamula njerwa. Pa kanyumba kakang'ono, mazenera awiri otsitsidwa chotere amakwanira.

Mukafuna khomo lotakasuka kuposa zenera, pafunika lintala yatsopano, ya konkire yokhala ndi zitsulo kapena ya chitsulo chokhachokha, ndipo kukula kwake anene ndi injiniya. Makoma akunja pafupifupi onse amanyamula katundu. Ndondomeko yoika lintala yatsopanoyo siisinthidwa:

Zimitsani magetsi ndi madzi opita kukhomalo, mufufuze mawaya ndi mapaipi obisika. Chirikizani denga ndi njerwa zam'mwamba ndi majeki achitsulo oimika pa matabwa ochindikala, m'kati ndi kunja, n'kupingasa zitsulo zodutsa m'khoma pamwamba pa pomwe lintala idzakhale. Chotsani mizere ya njerwa yokwanira kulowetsa lintala yokha. Lintalayo ikhale pakhoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse, pa njerwa zolimba kapena pa kamtsamiro ka konkire. Khomo likakhala lalikulu, injiniya amawonjezera muyeso umenewu. Tsekani mpata wa pamwamba pake mothinitsa kuti katundu akhaledi pa lintala. Ikalimba, m'pamene muyambe kuchotsa njerwa za m'munsi, kuyambira pamwamba kutsika.

M'mbali mwa khomo dulani ndi gilayinda kuti mzere uwongoke. Chinyundo chachikulu chimagwedeza khoma lonse n'kutsegula ming'alu kutali ndi pomwe mukumenya. Pothira timadzi podula, fumbi limachepa. Wodulayo avale chotchinga mphuno ndi maso. Musaboole mpaka pangodya ya nyumba, siyani chigawo cha khoma choti chigwire ngodyayo.

Ngati lintala yathiridwa pomwepo, konkire imafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene amaiwerengera imafika pa masiku 28. Majeki amachotsedwa injiniya akalola, ngakhale mwini nyumba atatopa kuwazungulira.

6. Maziko, ndi pokumana chakale ndi chatsopano

Kumbani kadzenje kamodzi pambali pa maziko akale muone kuya kwake ndi mtundu wa dothi. Maziko atsopano afike pa dothi lolimba, ndipo asakhale osaya kuposa akalewo. Koma musakumbe ngalande yaitali motsatira maziko akale mpaka kuwapitirira kunsi, chifukwa mukuwachotsera pokhala. Pakafunika kutero, amakumba pang'onopang'ono, chigawo chimodzi n'kuthira, kenako china, injiniya akuyang'anira.

Nyumba yakale inakhazikika kale; yatsopano idzatitimirabe pang'ono m'zaka zoyambirira. Mukazilukanitsa njerwa ndi njerwa, mng'alu udzatuluka pomwe zakumanapo. N'chifukwa chake amisiri amasiya mpata wa sentimita imodzi pakati, n'kumanga makoma awiriwo ndi tizitsulo tololera kuyenda pang'ono, mpatawo n'kuutseka ndi zomatira zofewa. Mzere umenewo musachite nawo manyazi. Paipi yotsitsa madzi a padenga imaubisa bwinobwino.

Musanathire simenti ya pansi, thirani mankhwala a chiswe kumene chiswe chimavuta, muyale pulasitiki yochindikala yoletsa chinyezi, ndipo ikumane ndi ya m'khoma. Ngati nyumba yakaleyo ili ndi pansi pa matabwa, timabowo tolowetsa mpweya m'munsi mwa khoma tisatsekedwe, apo ayi matabwawo adzawola.

7. Pakhomo: phazi lidutse, madzi atsale

Chimene chimachititsa munthu kumva kuti m'nyumba ndi panja ndi malo amodzi si kukula kwa galasi ayi, ndi phazi. Mukatuluka n'kupeza masitepe atatu pakhomo pomwe, mtima umadziwa kuti mwachoka m'nyumba. Pansi pakapitirira mosadukiza, mumatuluka ndi kapu m'manja osaganizako.

Koma madzi saiwala khwawa. Pepala loletsa chinyezi m'khoma liyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa dothi lakunja, kuti madontho a mvula odumpha pansi asanyowetse khoma pamwamba pake. Mukangothira dothi kapena simenti kunja mpaka kufanana ndi m'kati, mwamangira chinyezi mlatho. Njira yake ndi iyi: khonde likhale lofolera, pansi pake patsike masentimita 2 kapena 3 kuchokera pa m'nyumba, ndipo patsetserekere kunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse. Sitepe yeniyeni isamukire kumapeto kwa khonde, kumene munthu amaiyembekezera. Pomwe mvula imawomba mpaka pachitseko, ikani kangalande kovundikira ndi chitsulo chamabowo kutsogolo kwa khomo, kotulutsira madzi kutali. Masitepe akhale ofanana msinkhu, masentimita 15 mpaka 18. Imodzi ikasiyana ndi inzake ndiyo imagwetsa anthu.

Mtundu wa pansi ukafanana m'kati ndi kunja, maso amaona malo amodzi. Kunja kokha pewani matailosi osalala. Akanyowa amaterera ngati sopo.

8. Khonde ndi denga lake

Khonde la mita imodzi ndi njira chabe. Kuti anthu akhale mozungulira tebulo wina n'kudutsa kumbuyo kwawo, pafunika mamita 2.4 kapena kuposa. Bola lalifupi koma lakuya kusiyana ndi lalitali lopyapyala.

Kuya kumabwera ndi vuto lake, loti nyumba zakale zambiri n'zazifupi. Tiyerekeze kuti denga latsopano layambira pa mamita 2.4, khonde ndi lakuya mamita 2.5, ndipo malata apendekera madigiri 10. Pofika kumapeto latsika masentimita 44, kutsala mamita osakwana 2, ndipo mtanda wonyamula malata sunawerengedwe. Munthu wamtali awerama, komanso amene ali m'nyumba saonanso thambo. Kuchepetsa kupendekera kuposa mmene opanga malatawo amanenera kumabweretsa kudontha. Chabwino n'kuyambira denga latsopano pamwamba pa lakale, kapena kuliimika pa nsanamira zake, lokwererapo, kuti mpata wa pakati uzitulutsa mpweya wotentha.

Pokumana malata ndi khoma m'pamene nyumba zokulitsidwa zimadontha. Kumata simenti pamenepo sikukhalitsa, chifukwa malata amafutukuka dzuwa likatentha n'kubwerera usiku, simenti n'kusweka. Pafunika lata lopinda, mbali imodzi yolowetsedwa m'kamzere kodulidwa m'khoma, inayo yogona pamwamba pa malata. Nsanamira zimangidwe ndi zitsulo ku maziko ake, ndipo mitanda imangidwe ku nsanamira, poti mphepo yamkuntho denga la khonde imalinyamula kuchokera pansi. Nsanamira zamtengo zikhale pa tizitsulo tozikweza pang'ono kuti zisamwe madzi. Pansi pa malata ikani zotchinga kutentha, apo ayi khonde lidzakhala lokongola koma losakhalika masana.

Walira mvula walira matope: denga likakula, madzi achuluka. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, kotero denga la masikweya mita 50 limasonkhanitsa malita 1,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha. Madzi onsewo alowe m'thanki kapena m'ngalande yowapititsa kutali ndi maziko.

9. Zitseko, magalasi ndi mphepo

Chitseko chotsetsereka sichidya malo, koma chimatsegula theka lokha la khomo, ndipo njanji yake imafuna kusesedwa. Chopindika chimatsegula pafupifupi lonse, koma chili ndi mahinjesi ndi timawilo tambiri tofuna chisamaliro, ndipo lintala ikangotsika pang'ono chimakana kuyenda. Pa kanyumba kakang'ono ine ndimakonda zitseko ziwiri wamba zotsegukira kunja, zokhala ndi ndowe zozigwirira kukhoma: mmisiri aliyense amatha kuzikonza.

Galasi lofika pansi likhale lotetezeka, lija losweka timibulu tosacheka kapena lokhala ndi pulasitiki pakati. Loyambalo silidulidwanso likatuluka kufakitale, choncho yezani khomo litamalizidwa, musadalire miyeso ya papulani. Matani kachizindikiro pagalasi kuti ana ndi alendo asaligunde.

Khomo lalikulu palokha siliziziritsa nyumba. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho payenera kukhala zenera lotseguka kukhoma la mbali inayo, makamaka lokwererapo, poti mpweya wotentha umakwera. Ikaninso kazenera kakang'ono kokhoma bwino koti kazikhala kotsegula usiku chitseko chachikulu chitatsekedwa. Za waya wotchinga udzudzu ndi zitsulo zoletsa akuba ganizirani pano, felemu lisanapangidwe. Zikabwera pambuyo zimangopachikidwa pamwamba, khomo lija munalivutikira n'kuoneka ngati khola. Getsi la pakhonde ndi soketi yotetezedwa ku madzi zilowe pulasitala asanapakidwe, ndipo kagetsi kamodzi kowalitsa mtengo pabwalo kamachititsa kuti usiku galasi lisasanduke kalilole wakuda.

10. Bwalo lidikire

Chotsani zinyalala za simenti ndi zidutswa za njerwa, mutipule dothi lomwe mawilibala analipondaponda. Kenako khalani pampando womwe mumakonda m'nyumba, muyang'ane kudzera pakhomo latsopano. Chimene diso lagwerapo n'chimene chifunika kukonzedwa poyamba: ngati ndi mgolo wa zinyalala usunthidwe, ngati ndi mpanda wosaoneka bwino pabzalidwe zoyanga.

Mitengo ikuluikulu ya mizu yolusa ikhale kutali ndi maziko ndi mapaipi, makamaka pa dothi la makande lomwe limafufuma likanyowa n'kunyala likauma. Maluwa ofuna kuthirira tsiku ndi tsiku asagundane ndi khoma.

Njira za pabwalo musafulumire kuziwaka. Lolani nyengo imodzi ya mvula idutse, muone pomwe madzi akudikha ndi pomwe mapazi a anthu a m'nyumbamo apanga kanjira paudzu. Miyala muyale pamenepo, mosiya mipata kuti madzi azilowa pansi.